Thirakitala Yopanda Pulawo

MUTU 7

1. Yafika!

Lole inamveka isanaoneke n'komwe. Ana amene ankagenda mango aawisi m'mbali mwa msewu wa kwa Maganga ndiwo anayamba kukuwa.

"Yabwera! Thirakitala yabwera!"

Abale inu, mudzi wonse unakhuthukira ku bwalo la mpira. Amayi anasiya misi m'mitondo, ena anatuluka m'bafa thovu lili m'makutu, ndipo nkhalamba zodandaula nyamakazi chaka chonse zinathamanga osakumbuka ndodo. Bernadette nayenso anathamanga. Mtsikanayu anali atamaliza Fomu 4, ndipo ankakonda kunena kuti munthu wophunzira sathamangira galimoto. Koma tsiku limenelo anawapitirira ngakhale anawo.

Thirakitala inali pamwamba pa lole, yofiira kuti psuu, ikung'anima padzuwa la Okutobala. Sinali yaikulu ngati za ku maesiteti a fodya ayi. Inali yaing'ono, yoyenera minda ya m'dambo. Pambali pake panali pulawo yomangidwa ndi unyolo.

Anthuwa musawaseke. Chilala cha zaka zapitazo chitapha ng'ombe zolimira, alimi a mpunga a m'kalabu ya Tiyese ankagaula dambo ndi makasu. Dothi lake ndi lamakande, louma gwaa. Chaka chilichonse mvula inkawapeza asanafike ndi pakati pomwe. Ndiye kwa zaka zitatu banja lililonse linkapatula matumba a mpunga, bungwe lina lothandiza alimi n'kuwonjezerapo, mpaka ndalama zinakwana. Zinakwana ndendende, popanda yotsala yogulira ngakhale singano.

Mwezi wathawo kalabu inatuma Bernadette ku Lilongwe, kumene kunali azakhali ake, kuti akafunse mitengo. Analowa m'sitolo ziwiri. Mu imodzi anapeza bambo Harold, amene anamuuza mtengo wogwirizana ndi ndalama za kalabu, thirakitala ndi pulawo pamodzi. N'chifukwa chake alimi anagwirizana kuti tsiku logula, wolankhula akhale Bernadette yemweyo, popeza ndiye anamva ndi makutu ake.

Tsopano bambo Harold aja ndi awa akutsika m'lole, atavala tayi kutentha konseku, akumwetulira mano onse pamtunda. Dalaivala wawo, a Yesaya, anayala matabwa, n'kuliza thirakitala, n'kuitsitsa pang'onopang'ono. Itangoponda dothi la kwa Maganga, nthungululu zinang'amba mlengalenga.

Amayi ake a Bernadette ndiwo anaposa onse. Anathamangira kunyumba, n'kubwera ndi nsalu yawo yatsopano imene ankaisungira Khirisimasi, n'kuimangirira pamphuno pa thirakitala ngati akuveka mkwatibwi.

"Dzina lake ndi Mpumulo!" anakuwa motero. "Misana yathu yapuma lero!"

Nyimbo inapekedwa pomwepo, ng'oma inapezeka, fumbi linati koboo. Bernadette anavina nawo mpaka thukuta kamukamu.

2. Mawu a Che Binali

Ali mkati movina, wina anamukoka dzanja. Anali Che Binali, mkulu wogula nsomba ku Senga Bay, amene akazi awo anali m'kalabumo. Iwo okha ndiwo sankavina. Anapita naye pansi pa mtengo wa mango, n'kumuloza muzu kuti akhalepo.

"Mwanangu, pukuta thukutalo undimvere," anatero Che Binali. "Ine ndayamba kugula nsomba bambo ako asanamere ndevu. Bwato likafika padoko, wogula wanzeru sathamanga. Amafika mwaulesi, n'kuyang'ana usipa uja ngati wamulakwira, n'kuyamba kufunsa za ana a msodzi. Ukangolakwitsa n'kunena kuti, 'Ha, koma usipa wonona uyu!' basi, wadzikwezera wekha mtengo. Tsono taona zimene akuchita amayi akowa. Katundu sitinagule, koma tamuvinira kale, tamuveka nsalu, tamupatsa ndi dzina lomwe. Wallahi, ndikulumbira, bambo watayi uyo akuona zonsezi. Pakamwa akuseka nafe, koma m'mutu ali pa ntchito."

"Koma mtengo tinagwirizana kale, Che Binali," anatero Bernadette.

"Munagwirizana ku Lilongwe, iwe uli wekha, nkhope ili youma. Kuno waona anthu oti sangagone akapanda kugula. Ndipo pali china. Kumsika mtengo ukakukanika umatembenuka n'kumapita, wogulitsa n'kukuitana yekha. Nanga lero tili pakhomo pathu, tichoka kupita kuti? Woyenera kuchoka ndi iyeyo, ndipo kwathu kuno mlendo sitimuuza kuti nyamukani. Bambo ako sangathe, ndimawadziwa, manyazi awatseka pakhosi. Ine ndikalankhula, anthu ati wa nsomba uyu za mpunga zikumukhudza pati. Wosankhidwa ndiwe.

"Tsono gwira izi. Munthu amene watentha mafuta kuchokera ku Lilongwe safuna kubwerera ndi katundu wake, pakuti nayenso ali ndi bwana womudikira. Usachite mwano. Usakweze mawu. Komanso usafune kumubera, nayenso ali ndi ana. Ungopempha chimene chili choyenera, ndipo ukachipempha usachisiye. Wamva?"

"Ndamva."

Kunena zoona, Bernadette anamva ndi khutu limodzi. Linalo linali ku ng'oma.

3. Kwacha yagwa

Alendo anadya mpunga wa chambo, namwera thobwa, nasamba m'manja. Kenaka mipando inaikidwa pamthunzi. Kutsogolo kunakhala a Masiye, bambo ake a Bernadette, amene analinso wapampando wa kalabu. Cheke chinali m'thumba la malaya awo, ndipo kawirikawiri ankachigwira kuti amve ngati chikadalimo. Bernadette anakhala pamphasa pafupi nawo. Khamu lonse linawazungulira.

Bambo Harold anakonza tayi.

"Makolo anga, ndayenda m'midzi yambiri, koma chikondi chotere sindinachionepo. Thirakitala iyi yapeza kwawo."

Nthungululu zinalira.

"Koma pali kanthu kakang'ono. Mukudziwa nonse kuti chibwerereni matipati ambiriwa, kwacha ikungogwa tsiku ndi tsiku. Katunduyu amachokera kunja. Ndiye ndalama imene mwakonzayo ikukwana thirakitala yokha. Pulawo ili ndi mtengo wake wapadera, 25 sauzande kwacha."

Nthungululu zinaleka. Kunangomveka mwana wina akuyamwa.

"Pepani bambo," anatero Bernadette. "Paja ku Lilongwe munandiuza inu nomwe kuti mtengowo ndi wa zonse ziwiri."

"Unali mwezi watha umenewo, chemwali. Sopo amene munagula mwezi watha, lero mungamupeze mtengo womwewo?"

Anthu anagwedeza mitu. Pa nkhani ya sopo panalibe wotsutsa.

"Musadandaule," anapitiriza bambo Harold mokoma mtima. "Tengani thirakitala lero. Pulawo ndibwerera nayo, ndikakusungirani. Mukakolola mudzaitenge. Nanga Mpumulo mwamuveka kale chonchi, abwererenso ku Lilongwe? Midzi yoyandikana nayo idzati chiyani?"

Ha, munthuyu ankadziwa pogwira! Anthu a m'midzi ina analipodi pabwalopo, ena atabwera panjinga kuchokera kutali, ndipo ena mwa iwo anali omwe aja ankanena kuti a Tiyese akulota masana.

"Sainani, apampando!" anakuwa mnyamata wina kumbuyo.

"Eya, sainani! Pulawo tidzaona kutsogolo!"

A Masiye anatulutsa cheke chija. Bambo Harold anali atatsegula kale cholembera, n'kuwapatsira ndi manja awiri mwaulemu.

"Ababa," ananong'ona Bernadette, "popanda pulawo tilima ndi chiyani? Mvula ili pafupi. Tikolola chiyani choti tidzagulire pulawoyo?"

"Khala chete, mwanawe. Anthu akutiyang'ana."

Bernadette anayang'ana kumtengo wa mango kuja. Che Binali anali chikhalire, akusenda nzimbe, ngati kuti za pabwalopo sizikuwakhudza.

4. Nsalu ya Khirisimasi

Bernadette anaimirira. Anadutsa pakati pa anthu mpaka pamene panaima thirakitala. Anagwira mfundo ya nsalu ija n'kuyamba kumasula. Amayi ake anali atamanga zolimba, moti anachita kugwiritsa ntchito mano.

"Mayo ine!" anakuwa amayi ake. "Iwe Bernadette, ukumuvula Mpumulo?"

Mtsikanayo anapinda nsaluyo bwinobwino, n'kugwada, n'kuipereka kwa amayi ake. Kenaka anatembenukira kwa alendo, akadali chigwadire.

"Bambo Harold, tathokoza kuti munabwera, ndipo mwadya nafe. Koma kalabu inandituma kugula chinthu cholimira. Thirakitala yopanda pulawo sitingaigule. Ngati mtengo wa zonse ziwiri sutheka, a Yesaya ayale matabwa, mupakire katundu wanu dzuwa likadalipo. Tikayesa sitolo ina ija."

Kunabuka chiphokoso ngati njuchi zaputidwa. A Masiye anadzuka mwamphamvu, mpando wawo n'kugwa chagada.

"Bernadette! Wapenga kodi? Ndinakutumiza kusukulu kuti ukaphunzire kupirikitsa alendo? Tamvera, mwana iwe. Ufulu wolankhula wabwerawu sukutanthauza kuti mwana aziimirira pamaso pa akuluakulu n'kumalamula. Munthu uyu wadya m'mbale yathu. Pamudzi pano, chibadwire changa, sindinaonepo mlendo akuuzidwa kuti pakirani. Mawa ndikadutsa pamsika anthu azidzandiloza chala, kuti uyo wapampando wolamulidwa ndi mwana wake. Ndipo lole iyi ikachoka, ukudziwa kuti kwacha igwanso? Mwezi wamawa ndalama yathuyi mwina sidzagula ngakhale tayala. Thukuta la zaka zitatu la anthu onsewa ulisenza iwe?"

Mawu amenewa anamulasa Bernadette, chifukwa sanali abodza. Misozi inalengeza m'maso. Koma anayankha motsitsa mawu.

"Ababa, ndikhululukireni. Cheke chili m'manja mwanu, mukafuna sainani. Koma ine amene munandisankha ndikuti ayi."

A Masiye anayang'ana cheke, anayang'ana mwana wawo, anayang'ana dambo louma lija kuseri kwa bwalo. Kenaka anabweza cholembera kwa mwini wake, n'kudzutsa mpando uja, n'kukhalapo.

Kumwetulira kwa bambo Harold kunazima.

"Chabwino. Yesaya, pakira."

Abale, ntchito yokweza thirakitala ija inaoneka yotalika ngati maliro. Matabwa anayalidwa, injini inalira, matayala ofiira ndi fumbi anakwera, unyolo unamangidwa. Ana anayamba kulira. Woimba ng'oma anaikoleka paphewa n'kumapita. Mayi wina anadutsa pafupi ndi Bernadette n'kutsonya.

"Sukulu zinazi! Ubwere udzandigaulire munda wanga ndi Fomu 4 yakoyo."

Lole inalira, n'kutembenuka, n'kuyamba kuyenda. Bernadette anaima yekhayekha pakati pa bwalo. Ankafuna kuthamanga, kukuwa kuti imani, tavomera. Phazi limodzi linali litanyamuka kale pamene Che Binali anafika pambali pake n'kumupatsa kachidutswa ka nzimbe.

"Tafuna," anatero. "Ndipo usayang'ane kumsewu."

Bernadette anatafuna nzimbe ija misozi ili chuchuchu, osamva n'kukoma komwe.

5. Mtengo wa anthu awiri

Lole inadutsa golo la kumapeto kwa bwalo. Inadutsa mjigo. Itafika pa mlatho wamatabwa inaima.

"Yaima!" anakuwa mwana wina ali mumtengo. "Yaima! Watayi uja akubwera wapansi!"

Anabweradi bambo Harold, tayi atamasula, nsapato zili mbuu. Anafika pamene panali Bernadette n'kupukuta nkhope ndi kampango.

"Chemwali, mwandiyendetsa padzuwa. Tiyeni tikambirane ngati anthu. Pulawo ndichotsapo theka."

"Theka lomwelo tilibe, bambo. Ndalama yonse ndi imene ili pachekepo."

"Ndiye ine ndikamuuza chiyani bwana wanga? Kwacha yagwadi, sindikunama. Mafuta a lole iyi okha andidya."

Apa Bernadette anaona kuti munthuyu tsopano akunena zoona. Anapempha kuti adikire, n'kupita kukagwada pafupi ndi bambo ake. Ananong'onezana. A Masiye anaitana akuluakulu ena a kalabu, mitu inagundana, kenaka onse anavomera.

"Bambo Harold," anatero Bernadette atabwerera, "kuti zinthu zakwera sitikukana, nafenso timagula sopo. Ndalama yowonjezera tilibe, koma mpunga tili nawo. Mutipatse thirakitala ndi pulawo pa mtengo uja munandiuza. Ife tikupakirirani matumba khumi a mpunga wa Faya, wopuntha kale, kuti lole isabwerere yopanda kanthu. Ku Lilongwe mukudziwa nokha mmene ukugulidwira."

Bambo Harold anayang'ana kumwamba, milomo ikuyenda. A Yesaya, amene anali atabweza lole chambuyo, anasuzumira pawindo.

"Bwana, Faya wa kuno ndi uja amanunkhira msewu wonse. Musakane."

"Iwe, ndakufunsa?" anatero bambo Harold. Anthu anaseka. "Matumba khumi ndi asanu."

"Khumi ndi awiri," anatero Bernadette. "Ena atsale a mbewu."

"Koma mwana uyu! Chabwino, khumi ndi awiri."

"Nanga basela?"

"Basela? Pa thirakitala? Mwayesa ndi tomato?"

"Kwathu kuno wogula zambiri amaikiridwa kapamwamba, bambo."

Bambo Harold anaseka mpaka kugwira mawondo. Anakwera yekha m'lole, n'kutsika ndi chigubu cha oyilo, n'kuchiika pamapazi a Bernadette. Kenaka anatambasula dzanja, ndipo awiriwo anagwirana chanza.

Chimene chinachitika pamenepo, pakamwa sipangathe kufotokoza. Woimba ng'oma anabwerera chothamanga. Mayi wotsonya uja ndiye anali woyamba kumunyamula Bernadette, akukuwa kuti mwana ameneyu anamuona kuyambira ali wakhanda kuti ndi wanzeru. Anyamata anabalalika m'makomo kukatuta mpunga. A Masiye anasaina cheke dzanja lili nji, ndipo atamaliza anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali.

"Unandichititsa manyazi," anatero. "Koma ukanandimvera, bwenzi manyaziwo ali a chaka chonse. Wachita bwino, mwanangu."

Bernadette analiranso, koma ulendo uno akuseka.

"Alhamdulillah," anatero Che Binali pothokoza Mulungu, n'kutaya makoko a nzimbe.

A Yesaya anatsitsanso thirakitala, anailumikiza ndi pulawo, n'kuiimika pakati pa bwalo. Matumba atakwera, bambo Harold anaitana Bernadette n'kumuika kiyi m'dzanja.

"Uyu ndi wanu, chemwali. Mwandipana lero, ndipo sindikudandaula. Mukadzafuna ntchito yogulitsa mathirakitala mudzandipeze." Anakwera m'lole n'kutseka chitseko, kenaka anatulutsa mutu pawindo. "Koma ndikuuzeni chimodzi, poti mwandidyetsa chambo. Mwanenerera mtengo, mwanenerera pulawo, mwapempha ndi basela. Chimene mwaiwala n'chimene ogula onse amayamba kupempha."

"Chiyani, bambo?"

"Munthu wokuphunzitsani kuyendetsa. Mukanapempha tisanagwirane chanza, Yesaya ndikanakusiyirani sabata yathunthu. Pano ndamulonjeza kale kwina. Tsalani bwino!"

Lole inanyamuka, ndipo ulendo uno pa mlatho sinaime.

Ng'oma inayamba kuzirala. A Masiye anakweza dzanja.

"Abale, ndani pano anayendetsapo thirakitala?"

Anthu anayang'anana. Wina anati mlamu wake anali kondakitala wa basi. Wina anati iye njinga amakwera osagwira. Kenaka mmodzimmodzi maso awo anatembenukira kwa amene anagwira kiyi.

Kutsidya kwa nyanja kunamveka kugunda kwa bingu loyamba.

Bernadette anayang'ana chiwongolero, anayang'ana zitsulo zopondapo ndi zokoka zimene sankadziwa ngakhale maina ake. Kenaka anakwinya siketi yake, n'kuponda pa chitsulo chokwerera.

"Ababa," anatero, "auzeni anawo achoke kutsogoloko."